Sikelo Yopanda Ufa

Mng'ono wanga anabwera kudzakhala nafe ku Moatize chaka chimene mwana wanga woyamba anayamba kuyenda. Anali atapeza malo ku sukulu ya ukachenjede ya ku Tete, imene iye ndi anzake ankangoti ku fakulidade, ndipo ankaphunzira matematika ndi estatistika. Matematika ndinkawadziwa, ndi aja tinkati masamu tili ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Estatistika sindinkadziwa kuti n'chiyani, ndipo sindinafunse.

Ine sukulu ndinalekera panjira. Ndinaphunzira pang'ono ku msasa kuja, m'Chichewa. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Zóbuè, ndipo ndinapeza aphunzitsi akulankhula Chipwitikizi chokhachokha. Anandikhazika pakati pa tiana tating'ono, ine wamtali kuposa onse, osamva kanthu. Ndinapita miyezi ingapo, kenako ndinangosiya. Mng'ono wangayo anayambira sukulu kwathu komweko, ndipo Chipwitikizi chinamulowa ngati madzi pamchenga.

Nyumba yathu ku Moatize inali ya zipinda ziwiri, kufupi ndi njanji, kumene mwamuna wanga ankagwira ntchito. M'mawa uliwonse mng'ono wanga ankakwera chapa, minibasi ya kuno, kuwoloka mlatho wa pa mtsinje kupita ku Tete, masana n'kubwerera thukuta lili kamukamu, fumbi la malasha m'khosi. Akadya ankakhala kumbali ya mthunzi ndi mapepala ake. Pa mapepalapo zilembo zinkachuluka kuposa manambala, ndipo panali chojambula china chonga chulu chimene ankachibwereza kawirikawiri. Anzake akabwera ndinkawapatsa madzi akumwa, kenako n'kupita kuseri kukatsuka mbale zotsuka kale. Munthu amene ndinkamubereka kumsana ku msasa, tsopano ndinkamuchitira manyazi ngati apongozi.

Tsiku lina, mvula ili pakati, anafika ndi chikwama cholemera. Anatulutsamo sikelo yokoloweka, ija ya nkhope yozungulira ngati wotchi, ndi kakabudula kake koikamo mwana. Anati wabwereka kwa namwino wina wa ku posto, kachipatala ka kufupi ndi kwathu.

"Mana, ndikufuna mundithandize," anatero. Ankanditcha mana, monga aliyense kuno amatchulira mkulu wake wamkazi.

Ndinayamba kupukuta manja, poganiza kuti akufuna ndimuchapire. Koma anati aphunzitsi awatuma, aliyense apite kumudzi wina akapime ana osakwana zaka zisanu, kulemera ndi msinkhu womwe, kenako awerengere manambalawo. Iye anasankha kwathu ku Zóbuè.

"Ntchito imeneyi ndikapanda kuipereka, phunziro lonse ndalephera. Ndibwereza chaka."

"Ukapima ana onse a m'mudzi?"

"Sindingawathe. Mana, mukamagula nyemba pamsika, mumakhuthula thumba lonse?"

"Ayi, ndimangopisa dzanja."

"Mumatenga za pamwamba?"

"Za pamwamba ndi zimene wogulitsa wasankha. Ndimapisa pansi ndi m'mbali."

"Basi. Estatistika ndi imeneyo."

Ndinaseka nditagwira pakamwa. Aka kanali koyamba kuti chinthu cha m'mapepala ake chindilowe m'mutu, ndipo tsiku lonse ndinkangodzimva kupepuka.

Iye sakanatha kusiya makalasi mpaka Loweruka, choncho anati ine nditsogole. Ndikayambire pa tchalitchi, ndizidumpha nyumba zitatu n'kulowa yachinayi, ndikupempha amayi a m'nyumbamo kuti Loweruka adzabwere ndi ana awo pakhomo pa amayi athu. Anandichenjeza kuti ngakhale nyumba yodumphayo ikhale ya m'bale, ndidumphe ndithu.

Sikelo ija inagona pa mphasa, ine ndikuiyang'ana. Ndinkaidziwa. Ku msasa ankaipachika pamtengo, anthu a magalimoto oyera n'kumalemba, ndipo mayi wa mwana wopepuka ankalandira ufa wa phala ndi mafuta. Titabwerera kwathu, chaka cha chilala, zinachitikanso chimodzimodzi. N'zoona kuti ku posto amapima ana mwezi ndi mwezi, koma kumeneko ndife timapita. Sikelo ikatuluka m'chipatala n'kutsata anthu kumudzi, lole imabwera pambuyo pake. Ndi zimene ndinakula ndikuona.

"Ukapima, manambalawo amapita kuti?" ndinafunsa.

"Kwa aphunzitsi."

"Iwo n'kutani nawo?"

"Amawaona, mana."

Maso ake anali atabwerera kale pa mapepala, ndipo ine ndinaona kuti ndafunsa zokwanira. Mumtima ndinamaliza ndekha: aphunzitsi a sukulu yaikulu chotero amakhala pamodzi ndi akuluakulu, akaona manambala adzatumiza thandizo.

Ndinakwera chapa Lachitatu, mwana kumsana. Ukachoka mu ng'anjo ya Moatize n'kukwera mapiri a ku Zóbuè, thupi limayamba kukumbuka kuti kuli mphepo. Chimanga chinali chitamasula ngayaye koma chisanakhwime, nkhokwe zili pululu. Anthu ankagonera nkhwani ndi timaungu tanthete. Amayi anandilandira, ndinawafotokozera, ndipo m'mawa mwake ndinayamba kuyenda.

Pa nyumba yoyamba ndinapeza mayi akusenda mbatatesi zing'onozing'ono, zija zimatsala ogula akasankha. Ndinagwada n'kunena mawu anga ndikuyang'ana pansi.

"Akudzapima ana?" anafunsa. "Pa sikelo?"

"Pa sikelo."

"Ndiye kuti kukubwera ufa."

"Manambala akapita kwa akuluakulu, kapena," ndinatero.

Sanamve kapenayo. Nanenso sindinamunene mokweza.

Vuto linali la nyumba zodumpha. Anthu ankandiona ndikudutsa pakhomo pawo n'kukalowa kwa mnzawo, ndipo ankatuluka kudzaima panja. Imodzi mwa nyumba zimenezi inali ya msuweni wanga, mwana wa amalume, mkazi wa pakamwa posatseka. Anandiimitsa ali ndi chipande m'manja.

"Iwe mkazi wa ku Moatize, malasha akutseka maso? Nyumba yanga sukuiona?"

"Ndi lamulo la mng'ono wanga, asuweni. Tikudumpha zitatu."

"Ndiye njala nayonso imadumpha zitatu?"

Ndinayamba kuyenda kulowera nyumba yotsatira.

"Chabwino, dumpha," anatero. "Mwana wanga ali ndi miyendo, akafika yekha ku nyumba yachinayiyo."

Ndinaseka, poyesa kuti ndi chisuweni chabe.

Loweruka mng'ono wanga anatsika chapa dzuwa litakwera pang'ono, n'kupeza pakhomo pa amayi ngati pa msika. Anthu anali ochuluka kuposa amene ndinawaitana. Ena sindinkawadziwa n'komwe, ochokera kuseri kwa phiri, ena tsidya la malire, ku Malawi. Aliyense anali ndi thumba lopinda m'khwapa kapena pansi pa nsalu, ena ndi timabotolo ta mafuta.

"Mana, onsewa ndi a nyumba zachinayi?" anandinong'oneza.

"Ena angobwera kudzaonerera," ndinatero.

Tinapachika sikelo pa nthambi ya mango. Ine ndinkavula ana n'kuwalowetsa mu kakabudula kaja, iye n'kumawerenga ndi kulemba. Msinkhu ankapima pa chitseko, pamene anakhomapo chingwe cha manambala. Ana ankalira, amayi awo n'kumakankhana pamzere. Akafunsa khadi la ku posto, wina ankati linanyowa, wina linadyedwa ndi chiswe. Akafunsa zaka, mayi ankati zinayi, chonsecho mwanayo akuyamwa. Ine sindinadabwe. Ku msasa tinaphunzira kuti mwana wopepuka wa zaka zambiri ndiye amalembedwa msanga. Ndinaonanso kuti ana onenepa amene ndinawapeza m'makomo Lachinayi sanabwere. Izinso sindinadabwe nazo, palibe amene amapita ndi mwana wonenepa ku sikelo ya ufa.

Dzuwa litafika pamutu, mng'ono wanga anaima ndi cholembera m'mwamba. Mu sikelo munali kamtsikana koonda, ka chipsera cha moto pa bondo.

"Mwana uyu ndamupima kale."

"Ayi, uyu ndi wina," anatero mayi amene anabwera naye.

"Chipsera ichi ndachiona m'mawa. Anabwera ndi mayi wina."

"Ndi mapasa, a dotora," msuweni wanga anayankha ali kumbuyo kwa mzere, akumutcha dokotala m'Chipwitikizi. "Anapsa tsiku limodzi."

Anthu anaseka. Mng'ono wanga sanaseke. Anayamba kutembenuza mapepala, akuyang'ana mzere, akuyang'ananso mapepala. Pamenepo mayi wina wachikulire, amene anabwera ndi mdzukulu, analankhula mwaulemu.

"Mwanawe, tiuze, lole ifika lero kapena tidzabwerenso?"

"Lole yanji, amayi?"

"Ya ufa."

Mng'ono wanga anayang'ana matumba aja ngati akuwaona koyamba. Kenako anakwera pa khonde n'kufotokoza. Anati kulibe ufa, kulibe bungwe, kulibe lole. Anati iye ndi mwana wa sukulu chabe, ndipo iyi ndi ntchito imene aphunzitsi amutuma. Pabwalo pankamveka kamtsikana kaja kokha, kakulira kali lende mu sikelo, poti ine ndinaiwala kukatulutsa.

"Anatiuza ndi mkulu wakoyu," wina anatero.

Maso onse anabwera pa ine. Ndinkafuna kunena kuti ine ndinati kapena, koma anthu anali atayamba kale kudandaula. Mayi wina anati wanyamuka tambala woyamba, mwana osalawa kanthu. Wina anati wasiya munda uli thengo. Wina anafunsa ngati tawavulitsa ana pa mphepo kuti ife tikhoze mayeso. Mawu anayamba kukwera, ndipo amayi athu anaimirira pakhomo manja ali m'chiuno, osadziwa kuti ayankhe uti.

Msuweni wanga analowa m'nyumba mwa amayi osaodira. Anatuluka atanyamula thumba langa. Linali lalikulu, ndipo dzulo lake anandiona ndikulichapa kumtsinje n'kuliyanika pa mwala. Analitambasula pamaso pa anthu onse.

"Musamudye, amayi inu. Onani lake. Tonse tabwera ndi timatumba, mwini nkhani wabwera ndi la banja lonse la ku Moatize."

Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira bwalo lonse. Ngakhale uja ananyamuka tambala woyamba anaseka mpaka kupukuta misozi. Mkwiyo unathera pomwepo, anthu n'kuyamba kubereka ana awo. Ndikudziwa kuti msuweni wanga anandipulumutsa, koma pa nthawiyo ndikanakonda akanandimenya. Mng'ono wanga anayang'ana thumba lija, n'kuyang'ana ine.

Anthu atapita anakhala pa khonde ndi mapepala ake pamiyendo.

"Zonsezi n'zotaya," anatero.

"Ngakhale theka?"

"Sindikudziwa mwana wa nyumba yachinayi ndi uti, wobwereka ndi uti. Zaka zenizeni sindikuzidziwa. Onenepa anawabisa. Andiikira nyemba zofumbwa pamwamba, mana."

Anati kwatsala Loweruka limodzi lokha ntchitoyo isanaperekedwe. Kenako anandifunsa, osakalipa, "Bwanji simunandifunse?"

Ndinangoweramira mwana wanga, n'kumamukonza malaya okonza kale.

Amayi ndi amene anadula nkhani. Anauza mng'ono wanga kuti abwerere ku makalasi ake. Kwa ine anati, "Iwe ndiwe unayenda m'makomo. Yendamonso."

Ine ndine munthu amene ngakhale pamsika sinditha kunenerera mtengo. Wogulitsa akakweza mawu ndimangolipira n'kuchoka. Sabata imeneyo ndinabwerera pa khomo lililonse limene ndinapitapo, n'kugwada, n'kunena mawu amene ndinkabwereza njira yonse: ufa kulibe, ndi za sukulu basi, Loweruka tidzabwera ife tokha pakhomo pano, tidzapime ana a nyumba ino okha, onenepa ndi oonda omwe, ndi makhadi awo. Ana a m'mudzi anali atandipatsa kale dzina. Ndikatulukira ankathamanga akuti amayi a ufa afika.

Ena anandilandira akuseka. Ena sanatuluke, ndinkangomva chitseko chikukankhidwa. Bambo wina anati mkazi wake si mbuzi yoti tizimukoka uku ndi uku, ndipo anandiperekeza ndi maso mpaka ndinakhota. Mayi uja anasiya munda uli thengo anangondipatsa khasu. Ndinabandira naye mpaka masana, mwana atagona pa nsalu m'mphepete mwa munda, ndipo pomaliza anati tidzabwere.

Mayi wa mbatatesi uja anandisiya nditagwada nthawi yaitali.

"Akadziwa kuti ana athu ndi opepuka, ndiye atani?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye wabwereranji?"

"Mng'ono wanga akapanda kupima abwereza chaka."

Anapitiriza kusenda. Patapita nthawi anati, "Ukananena zimenezo poyamba, bwenzi sindinabwereke mwana wa eni." Khadi limene anati linadyedwa ndi chiswe anakalitulutsa m'kachitini, lili bwinobwino.

Masiku ena msuweni wanga ankanditsata, ati kudzandithandiza. Thandizo lake linali kuodira m'malo mwanga. "Odi kuno, tabwera ndi lole yopanda matayala." Ndinkafuna kulowa pansi, koma ndinaona kuti makomo amene iye waodira ankatseguka msanga.

Loweruka lachiwiri tinayenda awiri, mng'ono wanga ndi mapepala, ine ndi sikelo pamutu. Tinkaipachika pa nthambi kapena pa phaso la khonde. Ana onenepa aja anatuluka, ena olemera moti ndinkavutika kuwakweza. Oonda analiponso ambiri ndithu, osachita kubwereka. Makomo ena tinapeza otseka, eni ake atapita kumunda dala. Ndinati tilowe nyumba yotsatira kuti nambala ikwane, koma anakana. Anati okanawo nawonso amalembedwa kuti anakana. Pofika madzulo ana anali ochepa kuposa amene aphunzitsi anafuna.

Msuweni wanga anatidikira panjira ndi mwana wake. Mng'ono wanga anamupima, n'kumuuza kulemera kwake, koma sanalembe.

"Ndiye mwana wanga sapita ku Tete?" anafunsa msuweniyo.

"Nyumba yanu si yachinayi, asuweni."

"Chaka chamawa ndidzamanga ina pakati, tidzaone."

Tinabwerera ku Moatize Lamulungu, m'chapa chodzaza mbatatesi ndi kabichi. Njira yonse sitinalankhule za sikelo. Masiku otsatira ankawerengera manambala aja kumbali ya mthunzi, ndipo ine ndinkazungulira kuseri kuti ndisamudutse pafupi. Anapereka ntchitoyo, kenako tinadikira. Ndinkati ndikamva chapa chikuima kumsewu, n'kutuluka kukasuzumira. Mwamuna wanga sindinamuuze, ndinangoti amayi anadwala n'chifukwa chake ndinachedwa.

Tsiku limene zotsatira zinatuluka ndinali kusambitsa mwana m'beseni panja. Mng'ono wanga anafika akuyenda mofulumira, nsapato zili m'manja.

"Ndakhoza, mana. Pang'ono pokha, koma ndakhoza."

Anati aphunzitsi anadandaula kuti ana achepa, koma atawerenga chifukwa chake anamuimiritsa kutsogolo kuti afotokozere kalasi yonse. Anafotokoza za matumba, za ana obwereka, za zaka zowonjezera. Atafika pa mapasa opsa tsiku limodzi, anthu anaseka mpaka kugunda matebulo. Aphunzitsi anati zimenezi m'buku mulibe, ndipo chaka chamawa adzauzanso ophunzira atsopano, kuti adziwe zimene zimachitika ukatuma munthu kumudzi osamufotokozera bwino.

Ankanena akusekerera, ndipo ndikhulupirira ankayesa kuti nanenso ndisangalala. Ine ndinkaona chipinda chodzaza anthu ovala bwino, tsidya la mtsinje, akuseka thumba langa m'Chipwitikizi.

"Unawauza kuti wotumidwayo ndi ndani?" ndinafunsa.

"Ndinati mayi wina wa kumudzi."

"Sunanene kuti ndi mkulu wako?"

"Ayi, mana."

Analowa m'nyumba kukasintha zovala. Mpaka lero sindidziwa ngati anandibisa pondimvera chisoni kapena pochita nane manyazi. Madzi anali atazizira, ndipo mwana anayamba kulira kuti ndimutulutse.